Kambuku wa Lachisanu

Lamulungu, 7 Seputembala

Alendo afika. Ndege yachedwa, ine chiimire ndi kachikwangwani ka kampani m'manja mpaka mkono kuchita dzanzi. Gulu lachingati chilimwe chino, kaya, ndinasiya kuwerenga. Kumwetulira kwangotsala kwa mano okha.

Ndi anthu ochepa. Bambo wina wamtali, kamera yake mphuno yaitali ngati musi wosinjira. Ndawatcha a Kamera. Asanapereke ndi moni womwe, funso: "Kambuku tikamuona liti?" Mayi wina wachikulire, ali yekha, ambulera m'manja ngakhale m'nyumba, salankhula zambiri. Mayi Ambulera. Ndiye mnyamata ndi mtsikana ongokwatirana kumene, osasiyana manja ngakhale pokweza zikwama. A Giya, dalaivala wathu, awatcha Nkhunda. Akuti amenewo asatidetse nkhawa, tikanawaiwala pabwalo la ndege pomwepo sakanadziwa n'komwe.

Achemwali aimba ndili m'kati mogawa makiyi a zipinda kuhotela. Bambo anga awagoneka m'chipatala. Mtima uja. Miyendo yatupanso, kupuma movutikira. Ndangoti "chabwino, ndamva" ngati akundiuza kuti kunyumba sopo watha, chifukwa a Kamera anali pambali panga kufunsa ngati madzi a pampopi ndi akumwa.

Chipatalacho chili m'tauni ya njanji. Ulendo wathu umadutsa momwemo Lachisanu, alendo amadya nkhomaliro n'kuzungulirako pamsika. Nthawi yokwanira ine kuthamangira kuwodi. Ndawauza achemwali kuti Lachisanu ndibwera, awauze bambo.

Vuto ndi limodzi. Lonjezo la abwana lija, lolembedwa ndi penti yachikasu m'mbali mwa basi: mlendo akapanda kuona kambuku, timamuwonjezera m'mawa wina m'nkhalango ya nyama, kwaulere. M'mawa wowonjezerawo ndi wa Lachisanu lomwelo. Zikatero tauni ya njanji timaisiya, timadzera njira yachidule kupita kuphiri la mapemphero kuti tikafike asanatseke chipata. Ndiye kuti kambuku aoneke Lachitatu kapena Lachinayi, basi. Munthu wamkulu ngati ine kufika podalira mphaka.

Mapazi akuwawa. Nsapato zatsopano zija ndinalakwitsa kugula.

Lolemba, 8 Seputembala

Tsiku la mumzinda. Nyumba yosungira zinthu zakale, chipilala cha pabwalo, msewu wa osula siliva, kachisi wa zitseko zosema. Mawu omwewo, nthabwala zomwezo, pamalo omwewo. Pa chipilala pakamwa panalankhula pokha, mutu uli kuwodi. Anaseka. Amaseka nthawi zonse pamenepo.

Dziko lathuli n'lalikulu motopetsa. Uku chipululu, uku nkhalango zonyowa, pakati mapiri, zilankhulo zoti ngakhale ine ndimangogwedeza mutu ngati ndikumva. Alendo amalifuna lonse m'sabata imodzi, komanso apumule.

Lamulo la ntchito yathu: woperekeza amayamba ndiye. Chilichonse chimene mlendo akuchiopa kapena sakuchidziwa, iwe uyambe, iye akuona. Mlatho wogwedera, uyambe kuwoloka. Bwato, uyambe kukwera. M'kachisi, uyambe kuvula nsapato, uyambe kuyatsa kandulo. Zaka zonsezi kandulo imeneyo ndimayatsa ngati ndikuyatsa mbaula, maso ali pa wotchi. Lero dzanja linachedwa. Ndinawatchula bambo chamumtima, mofulumira, ngati ndikuba. Nkhunda zinayatsira limodzi kandulo imodzi, n'kupsompsonana pamalo oletsedwa. Mlonda wa pakachisi anayang'ana ine, ngati anawo ndi anga.

Masana kumsika, kulawa zakudya. Apanso ndine woyamba kuluma, kutafuna, kumwetulira. Nsomba yokazinga, nyama yootcha pakamtengo, mbatata, chipatso chowawasa chija chimene ndimadana nacho chibadwire, tsabola wofiira pamwamba. M'mimba muli moto mpaka pano. A Kamera chakudya amachijambula mbali zonse mpaka chizizire, kenako n'kudandaula kuti n'chozizira. Mayi Ambulera adya zonse mwakachetechete n'kupempha tsabola wina. Ndawakonda mayi amenewa.

Ndaimbira abwana kupempha kuti atumize wina adzandilandire. Ayankha mokoma, zimene zimapweteka kuposa kukalipa. Operekeza onse ali m'maulendo, nyengo yake ndi ino. Ndipo chilolezo cholowera m'nkhalango chili m'dzina langa, popanda ine basi silowa pageti. "Pirirani mayi, Lachisanu si kutali," atero. Andikumbutsanso, ngati ndingaiwale, kuti za kunyumba timazisiya kunyumba, mlendo anabwera kudzasangalala.

Achemwali akuti bambo amwako tiyi pang'ono. Avutitsa anamwino mpaka awasunthira bedi pafupi ndi zenera, akufuna aziona mtengo wa panja.

Lachiwiri, 9 Seputembala

Msewu tsiku lonse. Minda, fumbi, matauni ang'onoang'ono ofanana, minda inanso. Msana ngati wamenyedwa ndi ndodo. Kuima kulikonse funso ndi limodzi, chimbudzi chili kuti, ndipo ndine woyamba kukalowamo kuona ngati mungalowe munthu.

A Giya ndi chipewa chawo chakuda chija. Chiyambire kugwira nawo ntchito sindinachionepo chitachoka pamutu. Amadya nacho, amagona nacho m'basi, mwina amasambanso nacho. Mawondo akuti anatha kalekale. Pamathithi sanatsike n'komwe. "Madzi akugwa ndinawaona kale pampopi wa kwathu," atero. Kuphiri la mapemphero nakonso sakwerako, amatsala kunsi ndi basi. Akuti Mulungu akawafuna adzatsika yekha, masitepe amenewo iwo ayi.

Mathithi ndi okongola, ndivomere. Utawaleza m'nthunzi ya madzi, phokoso lomveka m'chifuwa. Ndinayamba ndine kuwoloka kamlatho ka zingwe. Pakati pake ndinaima, pansi thovu loyera, ndipo ndinangomva misozi ikutsika. Palibe anaona, pamenepo aliyense amanyowa kumaso.

Nkhunda zataya kachikwama ka mapasipoti. Tafufuza basi yonse, pansi pa mipando, m'thumba la zinyalala, mtsikanayo akulira. Kanali pamsana pa mwamuna wake. A Giya anangokoka chipewa kuphimba maso.

Nkhomaliro pamalo odyera a m'mbali mwa msewu, mpunga ndi nkhuku yolimba ngati inkachita masewera. Ndinaluma, ndinamwetulira, ndinafotokoza kuti nkhuku zoyenda zokha ndiye zokoma. A Kamera anafunsa kuti inayenda mtunda wautali bwanji.

Madzulo ndalankhula ndi bambo. Mawu aang'ono, opumira m'kati, koma mutu uli bwinobwino. Iwo anali mlonda wa nyama m'nkhalango imene tikupitayi mpaka kupuma ntchito. Kambuku wanga woyamba anandionetsa ndi iwo, ndisanayambe sukulu, atandikweza pamapewa, dzanja lawo litanditseka pakamwa kuti ndisakuwe. Fungo la fodya m'dzanja limenelo ndimalimvabe. Ndawauza za lonjezo la abwana. Aseka mpaka kutsokomola, achemwali kulanda foni, iwo kuilandanso.

"Usamafune kambuku yense, sungamuone. Uziyang'ana cholendewera mumtengo, mchira kapena mwendo. Ndipo uzimvera anyani." Ndati ndikudziwa bambo, mwandiuza kambirimbiri. Sanamve, apitiriza. "Ukamupeza ali mtulo, umusiye agone. Osamaomba m'manja kuti alendo akowo ajambule maso."

Ndati Lachisanu ndibwera ndi nkhani yake yonse. Ati nkhani yokha ayi, ndibwere ndi malalanje, kuchipatalako akuwadyetsa zopanda mchere ngati analakwira boma.

Lachitatu, 10 Seputembala

Talowa m'nkhalango. Kudzuka kusanache, kuzizira kolowa m'mafupa, masana dzuwa loswa mtengo. Denga la basi latsegulidwa, alendo ali chiimire, fumbi m'mano.

Njovu ndi ana pamtsinje. Mbidzi, njati, mbawala zosawerengeka, mvuu zikuyasamula, ng'ona pamchenga ngati zipika. Mikango yaikazi itagona chagada pamthunzi, yosalabadira za munthu. Njiri inathamanga kutsogolo kwa basi mchira uli njo, Nkhunda kuseka mpaka kugwerana. Tsiku loti mlendo wina aliyense akanathokoza Mulungu wake.

Mayi Ambulera analira poona kamwana ka njovu katagwa m'matope, amake n'kukadzutsa ndi chitamba. Pambuyo pake anandiuza kuti ulendowu anaukonza ndi amuna awo, amunawo anatisiya chaka chatha. Abwera okha kudzaona m'malo mwa anthu awiri. Ndinangowagwira dzanja. Zanga sindinanene.

A Kamera ajambula zonse, osasangalala ndi chimodzi chomwe. Mkango akuti anauona kale kudziko lina, njovu zinawakwana. Kambuku ndiye watsala. Kunyumba kwawo kuli khoma la zithunzi, pali malo amodzi opanda kanthu, msomali anakhoma kale.

Khosi langa lauma ndi kuyang'ana m'mitengo. Nthambi, nthambi, chisa, nthambi. Pawailesi ya m'galimoto operekeza anzanga akufunsana chimodzimodzi, palibe wamuona chiyambire sabata yatha. Wina akuti mapazi okha m'mbali mwa khwawa. Tapita, tawaona mapaziwo, atsopano ndithu, ndawafotokoza ndi mtima wonse. A Kamera afunsa ngati ndikuganiza kuti anakwera ndege kudzaona mapazi.

Foni kuno imagwira pamwala umodzi kuseri kwa khitchini ya msasa. Ndaimapo ngati mbuzi, dzanja m'mwamba. Bambo awaika kapaipi ka mpweya m'mphuno. Tulo sakupeza, ululu. Akungofunsa kuti lero n'lachingati. Achemwali mawu awo auma, chigonekereni bambo akugona pansi m'khonde la chipatala. "Iwe umaperekeza anthu osawadziwa kukaona nyama, bambo ako kuchimbudzi ndikuwaperekeza ndine." Sananame. Kenako anapepesa, n'kundifunsa ngati ndikudya. Zimenezo ndiye zinandimaliza.

Chakudya chamadzulo nyama yootcha ndi chimanga, alendo kuyamikira utsi ndi kulira kwa afisi kutali. Ndinayamba kulawa. Ndinatsikitsira madzi.

Lachinayi, 11 Seputembala

Ndachita chamanyazi lero.

M'mawa palibe. Pa nkhomaliro a Giya anandikokera kuseri kwa basi. Akudziwa zonse, makutu awo si ngati mawondo. Akuti tichite zimene operekeza ena amachita pakavuta. Uimitse basi mwadzidzidzi, uloze mtengo wakutali, unong'one kuti uyo, uyo, watsika, walowa m'udzu. Mlendo safuna kukhala yekhayo amene sanaone. Mmodzi akangoti "eya, ndamuona", onse amuona, lonjezo lakwaniritsidwa. Ndinati bambo anathamangitsapo woperekeza wina m'nkhalango muno chifukwa cha bodza lomwelo. A Giya anati bambo ali pabedi, ndipo akudikira ine, osati chilungamo changa.

Madzulo dzuwa litapendeka ndinachitadi. Mtengo waukulu tsidya la dambo, chinthu chakuda chikulendewera panthambi. Ndinamenya denga, a Giya kuponda mabuleki ngati sewero tinalikonzekera chaka chonse. "Uyo! Mchira, taonani mchira!" Nkhunda zinamuona nthawi yomweyo, mtsikanayo anaona ndi mawanga omwe. Mayi Ambulera anayang'ana mtengo, kenako anayang'ana ine.

Musi wa pakamera ya a Kamera uja ndinauiwala. Analoza, kukoka, kukokanso, khethe. Kenako kutembenuza kagalasi kuti tonse tione. Khungwa louma lopendekera, kambalame katatera pamwamba pake. Chithunzi chooneka bwino zedi, mpaka maso a kambalameko.

Palibe anakalipa. Bola akanakalipa. A Kamera anangofunsa kuti zaka zonse ndanena kuti ndagwira ntchitoyi, khungwa ndi mchira sindisiyanitsa? Ndinati maso atopa, pepani.

Pachakudya anatulutsa nkhani ya lonjezo, mwaulemu, chala chikuloza kumene kwaima basi ndi penti yake yachikasu. Ndi ufulu wawo, sindingawanene. Mawu anali pamilomo, kuti bambo anga akudwala, chonde. Ndinawameza. Pambuyo pa khungwa lija ndani akanakhulupirira? Mawa m'mawa tibwereranso m'nkhalango. Tauni ya njanji yagwa.

Ndinakwera pamwala paja kuti ndiwauze achemwali. Anayankha, kumbuyo ndikumva bambo akubuula. "Mawa ufika nthawi yanji? Akungofunsa zomwezo." Ndinati ndiona mmene msewu ulili. Bodza linanso, tsiku lomwelo.

Ndatopa. Ngakhale kulira kukufuna mphamvu zimene ndilibe. Matuza a nsapato aja aphulika.

Lachisanu, 12 Seputembala

Kusanache. Tiyi wozizira. Tikulowanso.

Loweruka, 13 Seputembala, m'mawa

Paphiri la mapemphero. Kuno salankhula, kuyambira pofika mpaka Lamulungu m'mawa belu likalira. Kulemba amalola. Ndiye ndilembe za dzulo, mwina mutu ungapepukeko.

Tinamuona.

Dzuwa linali litakwera kale, ine nditataya mtima, a Giya akungoyendetsa mwamwambo chabe. Ndiye anyani. Kukuwa kwaukali kuja, kosiyana ndi kukangana kwawo kwa masiku onse, onse atayang'ana mbali imodzi. Ndinati a Giya zimitsani injini. Denga sindinamenye, manyazi a dzulo lake anali akadali pankhope. Ndinangoyang'ana mitengo umodziumodzi, kufuna cholendewera. Mkuyu wa pakhwawa, nthambi ya m'munsi. Mchira. Wonenepa, wamawanga, nsonga yake yopindika pang'ono. Kutsata mchirawo, mwendo. Kutsata mwendo, mwini wake, atadziyala panthambi, mutu pamkono, ali m'tulo tofa nato. Wamkazi. Pafupi poti kupuma kwake tinkakuona m'nthiti.

Ndinagwira a Kamera pamkono n'kuloza ndi chibwano. Anajambula mpaka kamera kutentha. Kenako anafuna maso. Ndiombe m'manja, kapena a Giya alize hutala pang'ono chabe. Ndinakana. Anati kambuku wotsinzina n'chimodzimodzi pilo wamawanga. Ndinakanabe. Tinadikira, nthawi ikudyeka, ine ndikuiona pa wotchi, mpaka mwini wake anatsegula maso yekha, kutiyang'ana monyoza, n'kutsekanso. Khethe. A Kamera anandikumbatira, ine yemwe uja wosasiyanitsa khungwa ndi mchira.

Tinatuluka pageti mochedwa. Mumtima ndinali nditavomereza kale. Pamphambano, njira yachidule kumanzere, ya tauni ya njanji kumanja. A Giya anaimitsa basi, kutsika ndi mawondo awo aja, kukalankhula ndi mayi wogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu. Anabwerako nkhope ili gwaa, thumba la malalanje m'manja. Akuti mlatho wa njira yachidule wagumuka, magalimoto akubwerera, tidzera kutauni. Thumbalo anandiponyera pamiyendo osandiyang'ana. Bodza lawo linayenda bwino kuposa langa, kamera siifika pamlatho wakutali choncho. Mayi Ambulera anati iwo njala yawapweteka, kutauni ndiye kwabwino. Ndikuganiza kuti anadziwa. Kaya anadziwa chiyani, koma anadziwa.

A Giya anathamangitsa basi ngati yobedwa. Alendo tinawatsitsa pa lesitilanti ya pafupi ndi siteshoni. A Giya anati lero ayamba ndi iwo kulawa, ine ndipite, koma mbale zikangotha tinyamuka, apo ayi chipata cha paphiri tikachipeza chotseka ndipo nkhani ikafika kwa abwana.

Njinga yamoto, chipatala, makonde onunkha mankhwala. Nthawi yoona odwala inali itatha. Namwino wa pakhomo anayang'ana yunifomu yanga ya fumbi ndi malalanje, anati ndiime pachitseko cha wodi, ndisalowe, madokotala ali m'kati. Mabedi mbali zonse, mabulangete ofanana, mitu ya imvi yofanana. Sindinawazindikire. Bambo anga enieni, ndinayang'ana wodi yonse osawaona. Kenako kumapeto, pafupi ndi zenera, dzanja likulendewera m'mbali mwa bedi. Chala chopindika chija, chimene msampha wa opha nyama unawathyola kalekale. Kutsata dzanjalo, mkono wowonda. Kutsata mkono, bambo. Achepa bambo anga. Kukamwa kuli yasa, kapaipi m'mphuno, chifuwa chikukwera n'kutsika pang'onopang'ono.

Achemwali anatuluka, maso ofiira, tsitsi losapesa. Anandikumbatira ndi dzanja limodzi, linalo lili ndi beseni. Akuti angogona kumene atawabaya jakisoni, tulo toyamba chiyambire Lachiwiri. M'mawa wonse maso anali pachitseko. "Ndiwadzutse? Namwinoyu ndimudandaulira, akulola."

Ndinayang'ana dzanja lija. Ndinati ayi, asiyeni agone.

Ndinaima pamenepo mpaka foni inanjenjemera m'thumba, a Giya. Malalanje ndinapatsa achemwali. Ndinawapatsanso nambala ya a Giya, poti paphiri foni yanga sikhala ndi ine, pamene a Giyawo amagona kunsi ndi yawo. Ndinati ulendo ukutha Lolemba, ndikangotsitsa alendo pabwalo la ndege ndikwera basi yoyamba. Achemwali anangogwedeza mutu.

Paphiri tinafika akukankha chipata. Masitepe osatha aja, mdima ukuyamba, Nkhunda kukokana, Mayi Ambulera ambulera yasanduka ndodo. Pamwamba, m'bale wina wa gulu la opemphera a paphiripo, wa mkanjo wotuwa, ndi dengu lake la mafoni. Aliyense amaika yake, amaitenga Lamulungu. Ndisanazimitse, uthenga wa achemwali unalowa. Bambo adzuka. Aona malalanje. Akwiya zedi. Akuti, "Ine ndine kambuku kuti aziopa kundidzutsa?" Akufunsanso ngati ndinamuona, wamkazi kapena wamwamuna.

Ndinaseka, ndinaliranso, pamaso pa m'baleyo. Ndinayamba kulemba yankho: wamkazi bambo, wamkulu, pamkuyu wa pakhwawa, anandiuza ndi anyani. Dengu linali litafika kale patsogolo panga. Alendo onse mafoni ali m'manja, akundiyang'ana, a Kamera atakumbatira yawo pachifuwa. Woperekeza amayamba ndiye. Ndinadina kutumiza n'kuika m'dengu. Sindikudziwa ngati unapita, kachizindikiro kanali kakuzungulirabe.

Loweruka lomwelo, madzulo

Bata limeneli alendo amaliyendera mtunda wautali. Ine m'mawa limandilemera, panopa ndayamba kulizolowera.

Mapemphero m'kachisi wamiyala, opanda mawu, kungokhala pansi maso otseka. Ine ndinagona, kunena zoona, mutu pakhoma. Tulo tabwino kuposa tonse ta sabata ino. Ndinadzuka Mayi Ambulera atandifunditsa juzi yawo.

Nkhomaliro mpunga, masamba a m'dimba mwawo, buledi wophika okha, uchi. Kudya popanda kufotokozera munthu chimene akudya. Ndinali nditaiwala kuti chakudya chimakoma. Nkhunda zikuvutika, zikungolankhulana ndi nsidze. A Kamera anabwera kudzandionetsa kambuku wawo pakagalasi, chala pamilomo, akumwetulira ngati mwana. Ndi manja anandifunsa ngati ndikufuna chithunzicho. Ndinavomera ndi mutu. Si munthu woipa, ali ndi khoma lake basi.

Ndikachitsukitsa chachikulu, ndikachimata pafupi ndi zenera la kuwodi lija. Bambo adzanena kuti tinaima pafupi kwambiri, kapena kuti si wamkazi. Sadzalephera kupeza cholakwika.

Panopa ndakhala pabenchi ya m'dimba, moyang'anana ndi chipata. Nsapato ndavula, mapazi paudzu. Kamphepo kozizira, njuchi m'maluwa a nyemba. Kunsi chigwa chonse chikuoneka, msewu ngati ulusi, njanji ikunyezimira kutali. Lolemba si kutali. Ndikafika ndidzawadzutsa ngakhale akhale m'tulo totani, ndidzawagwedeza phewa, akalipe ngati akufuna. Ndigulenso malalanje ena, achemwali aja adya theka, ndimawadziwa. Ndiwatengerenso kamchere m'kapepala, namwino asaone. Achemwali akagone pabedi kunyumba, m'khondemo ndigona ndine.

Pali munthu akukwera masitepe. Pang'onopang'ono. Akuima, dzanja pabondo, akukweranso. Nthawi ino alendo salowa. M'bale wa dengu wanyamuka kukamuchingamira.

Ndi a Giya.

A Giya sakwera kuno.

Aima pachipata, akupuma wefuwefu, akuyang'ana uku ndi uku. Andiona. M'baleyo waika chala pamilomo kuwakumbutsa. Iwo avomera ndi mutu, sakulankhula.

Avula chipewa